Denga Lidayamba, Maziko Adadza Pambuyo: Mbiri ya Masamu a Chaka Choyamba pa Yunivesite

Mabuku a calculus amene ndagwiritsapo ntchito onse amayamba ndi phunziro la limit. Akatero amafotokoza derivative, ndipo integral imabwera kumapeto. Mabuku a linear algebra nawo amatipatsa matrix m'masabata oyambirira ngati chinthu chimene chidalipo chiyambire. Wowerenga akhoza kuganiza kuti akatswiri adatulukira zinthuzi motsatana choncho, monga mmisiri amayambira pa maziko n'kumalizira pa denga. Mbiri ikunena zosiyana. Anthu adayamba kugwiritsa ntchito masamuwa kalekale asanawapatse mayina ndi matanthauzo olongosoka, ndipo zimene timaphunzira poyamba ndi zimene zidakhazikika pomalizira.

Nkhaniyi ndaifufuza chifukwa ndikuphunzira masamu awiriwa kuno ku Britain, ndipo ndaona anzanga ena akusiya maphunziro a uinjiniya kapena a zachuma atagwa mayeso oyamba. Amachoka akunena kuti mutu wawo si wa masamu. Ndikufuna kuonetsa kuti pamene iwo amapunthwa ndi pomwe padapunthwa akatswiri kwa zaka pafupifupi 200, ndiponso kuti amene adasalaza njirayo adali aphunzitsi omwe ankafunafuna mawu oti ophunzira awo amve.

Funso la malo okhota

Funso lakale kwambiri pa calculus ndi la kukula kwa malo. Munda wa ngodya zinayi suvuta kuyeza, pakuti timangochulukitsa mulitali ndi mulifupi. Nanga munda umene malire ake ndi mtsinje wokhota? Archimedes wa mumzinda wa Syracuse pachilumba cha Sicily, yemwe adaphedwa m'chaka cha 212 Khristu asanabadwe, adalimbana ndi funso lotereli. Pofuna kudziwa kukula kwa malo otsekedwa ndi mzere wokhota wotchedwa parabola, adajambula m'kati mwake trayango yaikulu. M'mipata iwiri imene idatsala adaikamo matrayango awiri aang'ono, m'mipata inayi yotsatira adaikamo anayi, n'kumapitiriza choncho. Adapeza kuti gulu lililonse latsopano la matrayango ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a gulu lapitalo. Tikamawonkhetsa 1, 1/4, 1/16, 1/64 n'kumapitirira, timayandikirabe 4/3. Motero malo onsewo ndi 4/3 ya trayango yoyamba ija. Archimedes sadanene kuti wawonkhetsa manambala osatha. Iye adangotsimikiza kuti yankho silingapose 4/3, komanso silingachepere pamenepo.

Patapita zaka zoposa 1,200, Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra koma wogwira ntchito ku Cairo, adapeza njira yowonkhetsera manambala ochulukitsidwa okhaokha kanayi, ndipo adaigwiritsa ntchito poyeza malo a m'kati mwa chinthu chimene chimapangika parabola ikazunguzidwa. Ku Kerala, kummwera kwa India, Madhava wa ku Sangamagrama adapeza cha m'ma 1400 kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a nambala ya pi limapezeka poyamba ndi 1, kuchotsapo 1/3, kuwonjezerapo 1/5, kuchotsapo 1/7, n'kumasinthanitsa choncho osalekeza. Onsewa ankachita ntchito imene lero timaitcha integral kapena ntchito yoyandikana nayo. Phunziro lomalizira m'buku lathu ndi limene lidayamba kubadwa.

Kadontho ka Newton ndi chilembo cha Leibniz

M'chaka cha 1665 ku England kudagwa mliri, yunivesite ya Cambridge idatsekedwa, ndipo Isaac Newton, ali ndi zaka 22, adabwerera kwawo ku Woolsthorpe. M'zaka za 1665 ndi 1666 adazindikira chinthu chimene chidalumikiza ntchito za akale aja. Kupeza liwiro limene chinthu chikusinthira ndi kupeza kukula kwa malo a pansi pa mzere wokhota ndi ntchito ziwiri zobwezana, monga mmene kuchotsera kumabwezera kuwonkhetsa. Iye ankaona manambala ngati madzi oyenda, ndipo liwiro la kuyendako adalitcha fluxion, kuchokera ku mawu a Chilatini onena za kuyenda kwa madzi. Pambuyo pake adayamba kulisonyeza poika kadontho pamwamba pa chilembo. Komatu Newton sadafulumire kusindikiza. Buku limene adalemba pa nkhaniyi m'chaka cha 1671 lidatuluka mu 1736, mwini wake atamwalira kale mu 1727.

Gottfried Wilhelm Leibniz, Mjeremani wophunzira zamalamulo, adafika pa mfundo yomweyo ali ku Paris. Pa 29 Okutobala 1675 adalemba koyamba chizindikiro cha ∫, chomwe ndi chilembo cha s chotalikitsidwa, kuimira mawu a Chilatini akuti summa, kutanthauza zowonkhetsa. Chilembo cha d adachitenga ku mawu onena za kusiyana kwa zinthu ziwiri. Adasindikiza njira yake mu 1684 m'magazini ya Acta Eruditorum ya ku Leipzig.

Posakhalitsa padabuka mkangano woti adayamba ndani. Mu 1712 bungwe la Royal Society la ku London lidatulutsa chigamulo chokomera Newton. Mtsogoleri wa bungwelo pa nthawiyo adali Newton yemweyo, ndipo ndi iye amene adalemba chigamulocho mobisa. Lero olemba mbiri amavomereza kuti aliyense mwa awiriwa adatulukira calculus payekha. Chimene chimandikhudza ine ndi zotsatira za mkanganowo. Akatswiri a ku Britain adakakamira kadontho ka Newton kwa zaka pafupifupi 100, pomwe a ku Switzerland, France ndi Germany, monga abale awiri Jacob ndi Johann Bernoulli komanso Leonhard Euler, ankathamanga ndi zizindikiro za Leibniz. Ubwino wa dy/dx ndi wakuti imakumbutsa dzanja chochita. Imaoneka ngati nambala yogawidwa ndi inzake, ndipo pa ntchito zambiri imachitadi ngati yotero.

Amene adathetsa liuma limeneli adali ophunzira. Mu 1812 Charles Babbage, John Herschel, George Peacock ndi anzawo a pa Cambridge adayambitsa gulu lotchedwa Analytical Society kuti alimbikitse zizindikiro za Leibniz. Mu 1816 adamasulira m'Chingerezi buku la calculus la Mfalansa Sylvestre Lacroix. Ndiye chifukwa chake ine lero, m'dziko la Newton, ndimalemba masamu anga ndi chilembo cha mdani wake.

Funso la bishopu

Ngakhale njira yatsopanoyi inkapereka mayankho olondola, pansi pake padali dzenje. Tiyeni tilione ndi chitsanzo. Mwala wogwa kuchokera pamwamba pa phompho umatsika mamita pafupifupi 5 m'sekondi yoyamba, mamita 20 pakutha pa masekondi awiri, ndi mamita 45 pakutha pa atatu. Lamulo lake ndi kuchulukitsa nthawi ndi nthawi yomweyo, kenaka kuchulukitsa ndi 5. Tsono mwalawo ukuthamanga bwanji pa mphindi yeniyeni imene sekondi yoyamba ikutha?

Liwiro timalipeza pogawa mtunda ndi nthawi. Titenge kanthawi kochepa kotsatira sekondi yoyambayo, tikatche h. Tikawerengera mtunda umene mwala watsika m'kanthawiko n'kuugawa ndi h, timapeza 10 + 5h. Ngati h ndi sekondi yathunthu, liwiro ndi mamita 15 pa sekondi. Ngati h ndi 0.1, liwiro ndi 10.5. Ngati h ndi 0.01, liwiro ndi 10.05. Aliyense akuona kumene manambalawa akulowera. Akatswiri a nthawi ya Newton ndi Leibniz ankangotaya 5h n'kunena kuti yankho ndi 10.

M'chaka cha 1734 George Berkeley, bishopu wa ku Cloyne m'dziko la Ireland, adatulutsa kabuku kotchedwa The Analyst kotsutsa mchitidwewu. Mfundo yake idali yosavuta kumva. Pogawa ndi h, mwavomereza kuti h si ziro, pakuti palibe amene angagawe ndi ziro. Potaya 5h, mwanena kuti h ndi ziro. Nanga chinthu chimodzi chingakhale bwanji ziro ndiponso osakhala ziro m'samu imodzi? Berkeley adali ndi cholinga chake cha chipembedzo. Ankafuna kuonetsa kuti anthu amene amanyoza chikhulupiriro nawonso amavomereza zinthu zimene sangazifotokoze. Koma funso lake la masamu lidali loona, ndipo mayankho amene adaperekedwa pa nthawiyo sadakhutiritse.

Calculus sidaime podikira yankho. Akatswiri adapitiriza kuwerengera kayendedwe ka mwezi, ka madzi ndi ka zingwe za zoimbira, ndipo zotsatira zake zinkagwirizana ndi zimene maso ankaona. Anthu adakhala m'nyumbamo mibadwo ingapo osadziwa kuti yaima pa chiyani.

Aphunzitsi akumba maziko

Yankho lidachokera m'kalasi. Munthu wofufuza yekha akhoza kulumpha malo ovuta bola yankho lituluke, koma woima pamaso pa ophunzira amayenera kunena chimene mawu ake akutanthauza. Augustin-Louis Cauchy ankaphunzitsa achinyamata ofuna uinjiniya pa École Polytechnique ku Paris. M'buku lake la Cours d'analyse la mu 1821 adaika limit patsogolo pa zonse, n'kumanga zina zonse pamwamba pake. Ndondomeko ya mabuku athu a lero idayambira pamenepo. Akuluakulu a sukuluyo sadakondwere nazo kwenikweni. Adadandaula kuti akutaya nthawi yambiri pa maziko m'malo mophunzitsa zimene mainjiniya adzagwiritse ntchito. Dandaulo limeneli ndimalimvabe m'makonde a yunivesite mpaka lero.

Richard Dedekind naye adakumana ndi vuto pophunzitsa calculus ku Zurich mu 1858. Adaona kuti pa mfundo zina zofunika akudalira chojambula pa bolodi, osati umboni, chifukwa padalibe tanthauzo lolongosoka la manambala onse amene amadzaza mzere popanda mpata. Tanthauzo limene adapeza adalisindikiza mu 1872. Ku Berlin, Karl Weierstrass, yemwe adakhala zaka zoposa 10 akuphunzitsa m'sukulu za sekondale asanaitanidwe ku yunivesite, adakhazikitsa m'maphunziro ake a m'zaka za m'ma 1860 njira ya epsilon ndi delta imene imatituluka thukuta lero.

Njirayi imayankha Berkeley mwa kusanena n'komwe kuti h wafika pa ziro. Ili ngati kubetcherana kwa anthu awiri. Wina akuti, ndikufuna liwiro lisasiyane ndi 10 kuposa 0.001. Mnzake akuyankha kuti, tenga h wochepera 0.0002. Woyamba akachepetsanso mpata wake, wachiwiri amapezanso h woyenera. Ngati wachiwiriyo sagonja pa mpata uliwonse, ngakhale wochepa bwanji, ndiye kuti limit ndi 10. Kuchokera pa nkhani ya Leibniz ya mu 1684 kufika pa kabuku ka Dedekind ka mu 1872 padapita zaka 188. Wophunzira wa lero amapatsidwa masabata awiri kapena atatu kuti amve chimodzimodzicho.

Mitolo ya mbewu ndi kadziko kotayika

Mbiri ya linear algebra idayenda mofanana, ndipo mwina idayambira kutali kuposa pamenepa. Ku China kuli buku lotchedwa Jiuzhang Suanshu, ndiye kuti mitu isanu ndi inayi ya luso la masamu, limene lidasonkhanitsidwa mu ulamuliro wa Han zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Liu Hui adalilembera ndemanga m'chaka cha 263. Samu yoyamba ya mutu wachisanu ndi chitatu ikunena za mitolo ya mbewu za mitundu itatu: yabwino, yapakati ndi yotsika. Mitolo 3 ya yabwino, 2 ya yapakati ndi 1 wa yotsika ikupereka miyeso 39. Ikakhala 2, 3 ndi 1 ikupereka 34. Ikakhala 1, 2 ndi 3 ikupereka 26. Funso ndi lakuti mtolo umodzi wa mtundu uliwonse ukupereka miyeso ingati.

Wowerengera ankayala timitengo pa bolodi m'mizere yotsika, mzere uliwonse kuimira mfundo imodzi. Kenaka ankachulukitsa mzere wina n'kuchotsamo mzere unzake mobwerezabwereza mpaka mtundu umodzi wa mbewu utatsala wokha. Yankho ndi 9 1/4, 4 1/4 ndi 2 3/4. Pochotserapo nthawi zina pankatuluka manambala ochepera ziro, ndipo iwo ankawasiyanitsa ndi enawo pogwiritsa ntchito timitengo tofiira ndi takuda. Iyi ndi njira yomweyo imene timaiphunzira lero pansi pa dzina la Gaussian elimination.

Dzina la Carl Friedrich Gauss lidalowamo kudzera ku zakuthambo. Pa 1 Januwale 1801 Giuseppe Piazzi wa ku Palermo adaona kadziko kakang'ono kamene kadatchedwa Ceres. Adakatsatira kwa masabata pafupifupi 6, kenaka kadabisika m'kuwala kwa dzuwa. Gauss, ali ndi zaka 24, adawerengera njira yake kuchokera pa miyeso yochepayo, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Ceres adapezeka pafupi ndi pamene iye adalozera. Ntchito yotere imabala mfundo zambiri zofunika kuthetsedwa pamodzi, ndipo mu 1810, powerengera njira ya kadziko kena kotchedwa Pallas, Gauss adalongosola ndondomeko yake yochotsera zosadziwika chimodzichimodzi. Iye sadatulukire njirayo. Adaikonza kuti igwire ntchito yaikulu, ndipo dzina lake lidamatiridwapo m'zaka za m'ma 1900.

Nthawi yonseyi mawu akuti matrix kudalibe. Chimene chidayamba kudziwika ndi determinant, nambala imodzi imene imatiuza ngati mfundo zathu zili ndi yankho limodzi lokha. Seki Takakazu wa ku Japan adalemba za nambalayi mu 1683, ndipo Leibniz adaifotokoza m'kalata ya mu 1693. James Joseph Sylvester ndiye adabweretsa dzina la matrix mu 1850. Adalitenga ku mawu a Chilatini otanthauza chiberekero, chifukwa ankaona gulu la manambalalo ngati mayi wobala ma determinant. Mwana adadziwika zaka zoposa 160 mayi wake asanapatsidwe dzina. Mnzake Arthur Cayley, yemwe pa nthawiyo ankagwira ntchito ya uloya, adalongosola mu 1858 malamulo owonkhetsera ndi ochulukitsira ma matrix.

Nkhani imene ingakhudze kwambiri ophunzira zinenero ndi ya Hermann Grassmann, mphunzitsi wa sekondale wa mumzinda wa Stettin. Mu 1844 adatulutsa buku la Ausdehnungslehre, momwe mudali mfundo zambiri zimene lero zili pakati pa linear algebra. Kalembedwe kake kadali kovuta, kodzaza ndi mawu amene adapanga yekha, ndipo owerenga adali ochepa kwambiri. Atakhumudwa, adatembenukira ku chinenero cha Sanskrit, nalemba dikishonale ya Rigveda. Mpaka lero akatswiri a zinenero amaphunzitsa lamulo la kasinthidwe ka maliwu lotchedwa ndi dzina lake. Giuseppe Peano adalemba malamulo a vector space momveka bwino mu 1888, koma nawonso adatenga nthawi kuti afale. Ngakhale mu 1925, pamene Werner Heisenberg adapeza kuchulukitsa kwachilendo pofufuza za atomu, sadadziwe kuti akuchulukitsa ma matrix mpaka Max Born atazindikira. Phunziroli lidafika m'makalasi a oyamba kumene pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mothandizidwa ndi mabuku monga la Paul Halmos la mu 1942 komanso kubwera kwa makompyuta, amene ntchito yawo yaikulu pa sayansi ndi kuthetsa mfundo zambirimbiri nthawi imodzi.

Mawu a kumunda ndi a pakhomo

Pofufuza mbiriyi ndaona kuti mawu amene amaopseza wophunzira adali mawu wamba kwa eni ake. Calculus m'Chilatini ndi kamwala kowerengera. Limit idachokera ku mawu onena za malire a munda. Vector ndi wonyamula katundu. Aljebra ndi mawu a Chiarabu akuti al-jabr, kubwezeretsa kapena kulumikiza chothyoka, ochokera m'dzina la buku limene al-Khwarizmi adalemba ku Baghdad cha m'ma 820. Palibe mawu mwa amenewa amene adabadwa ali a masamu. Adasanduka a masamu pamene wina adawamangirira tanthauzo lokhazikika, ena n'kuvomereza kuligwiritsa ntchito.

Ndaonanso kuti pa nthawi zingapo masamuwa adafalikira chifukwa wina adasankha chinenero chimene ophunzira amayankhula. Umboni wa zimene Madhava adapeza udasungidwa m'buku la Yuktibhasa limene Jyesthadeva adalemba m'zaka za m'ma 1500 m'chinenero cha Malayalam, pomwe mabuku a akatswiri a kumeneko ankalembedwa mu Sanskrit. Buku loyamba lophunzitsira calculus, la Marquis de l'Hôpital la mu 1696, lidatuluka m'Chifalansa ngakhale Leibniz adasindikiza m'Chilatini. Mu 1748 Maria Gaetana Agnesi wa ku Milan adalemba mabuku awiri aakulu a aljebra ndi calculus m'Chitaliyana, ndipo dzina lenilenilo la mabukuwo likunena kuti adalembera achinyamata a ku Italy. Ine ndikamadzifotokozera limit m'Chichewa, monga ndachitira pamwambapa ndi mwala wogwa uja, ndimapeza kuti chinenero sichiperewera. Chovuta ndi mfundoyo, ndipo idali yovuta m'Chilatini momwe.

Sindikunena kuti ndondomeko ya mabuku athu ndi yolakwika. Kuyamba ndi limit kumatipulumutsa ku chisokonezo chimene chidatenga mibadwo, ndipo palibe angafune kuthetsa mfundo 50 ndi timitengo. Koma buku likabisa mbiri, wophunzira amaona ngati tanthauzo lililonse lidagwa kumwamba lili lathunthu, ndipo akalephera kulimva tsiku loyamba amadziweruza yekha. Wophunzira amene akufunsa kuti h angakhale bwanji wochepa koma osakhala ziro sakusonyeza umbuli. Akufunsa funso la Berkeley, limene Cauchy, Dedekind ndi Weierstrass adathera zaka akuliyankha. Mphunzitsi atamuuza zimenezi, n'kumuonetsa kaye mwala wogwa ndi mitolo ya mbewu asanafike pa epsilon ndi vector space, ndikukhulupirira kuti ambiri amene amachoka pakutha pa teremu yoyamba akadatsala kuti aone teremu yachiwiri.